Kalata yotseguka: kwathu timati mlandu suwola, koma wa ngozi ya pamsewu ukuwola anthu osadziwa

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zachilungamo, Nduna ya Zamtengatenga, aphungu a boma la Zomba, akuluakulu a bungwe lounika malamulo la Law Commission, Gavanala wa Reserve Bank of Malawi amene ndiyenso woyang'anira makampani a inshuwalansi, akuluakulu a polisi m'chigawo chakum'mawa, ndi oyendetsa zipatala m'boma lino.

Olemekezeka,

Mwana wa kuno amakula akumva kuti mlandu suwola. Kubwalo la amfumu mawuwa ndi oona: nkhani ya malire a munda itha kugona zaka khumi, tsiku lina akuluakulu n'kukhala pansi pa mtengo n'kuiweruza. Munthu wogundidwa ndi galimoto pa Songani kapena pa Chinamwali amapita nayo nzeru yomweyo kuchipatala, n'kumati ndiyambe ndachira, za chipukuta misozi tidzaziona. Koma kukhothi mlandu wa kuvulala umawola, ndipo uli ndi tsiku lake lowolera. Takulemberani chifukwa tsiku limenelo anthu sakulidziwa. Wovulala amadutsa kupolisi, kuchipatala ndi kukampani ya inshuwalansi, koma kawirikawiri amatuluka m'maofesi onsewa popanda womutsina khutu.

Lamulo la Limitation Act, pagawo 4, limapereka zaka 6 pa milandu ya mapangano ndi ya kuonongerana katundu. Koma mlandu ukakhala wa kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, zakazo zimatsika n'kufika pa 3. Kuwerenga kumayamba tsiku la ngozi. Sikudikira kuti munthu atuluke m'chipatala, achotsedwe chikhakha, kapena kuti lipoti la apolisi lituluke. Mwini minibasi amene waphwanyiridwa galimoto ali ndi zaka 6 zolondola ndalama ya bampala ndi galasi, pamene mayi amene wathyoka mwendo m'minibasi yomweyo ali ndi theka la nthawiyo.

Pamene ambiri akugwera ndi palamulo lachiwiri. Road Traffic Act imalamula eni magalimoto kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena pamsewu, ndipo gawo 148 limapatsa wovulala ufulu wosumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji, m'dzina lake. Ufulu umenewu ndiwo mtima wa nkhani yonse, chifukwa dalaivala wa minibasi alibe chuma choti n'kulipira mwendo wa munthu. Ndalama ili kukampani. Koma ufuluwo umatha pakadutsa zaka 2. Amene anamva kuti ali ndi zaka zitatu sananamizidwe, anangouzidwa mbali imodzi. M'chaka chachitatucho amatsala ndi dalaivala ndi mwini galimoto basi. Ngakhale awine, ayambe kusaka mwini galimoto amene mwina anaigulitsa kalekale, anasamukira ku Mangochi kapena anatsikira ku Joni, kuti alipire yekha kapena akakakamize kampani yake kulipira. Chigamulo chimakhala papepala, m'manja muli mbee.

Tiyerekeze ndi masiku enieni kuti muone mmene miyezi 24 imathera. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M3 pa Thondwe wagundidwa pa 10 Malichi 2024, wathyoka fupa la ntchafu. Kuti asumire kampani ya inshuwalansi, mlandu wake ukhale utatsegulidwa 10 Malichi 2026 isanafike. Kuti asumire dalaivala ndi mwini galimoto, isanafike 10 Malichi 2027. Tsiku limenelo iye sakuganiza za 2026. Wagona chagada, mwendo aukoka ndi zolemera kwa milungu 6 kapena kuposerapo, apo ayi akudikira mpata wa opaleshoni yoika chitsulo. Womudikirira akuphika kuseri kwa wodi ndi ndalama ya mpamba wa tomato uja. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti ligwirane, ndipo achipatala sangalembe kukula kwa chilema chake asanaone ngati mwendo wafupika, ngati bondo likupinda, ngati akutha kusenza dengu. Pamene akuponda popanda ndodo, chaka chatsala pang'ono kutha.

Ndipamene amayamba kulondola mapepala. Lipoti la apolisi limalipiridwa, la kuchipatala chimodzimodzi, ndipo ulendo uliwonse wopita m'tauni ndi ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera. Wochokera ku Chingale, ku Mayaka kapena ku Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mawu akuti "mubwere mawa" kwa iye amatanthauza mwezi wamawa, akagulitsa nkhuku. Wapolisi amene anayeza malo a ngozi akasamutsidwa, fayilo imayamba yasakidwa. Lipoti likatuluka lopanda dzina la kampani ya inshuwalansi, ulendo wina uyambikenso wofufuza mwini galimoto. Mapepala akakwana amapita kukampani, kampani n'kuyankha kuti ikufufuza, kapena kuti kasitomala wake sanadzanene za ngoziyo. Miyezi isanu ndi umodzi ikutha motero. Mayiyo mtima uli m'malo, akuti nkhani yanga ili m'manja mwa abwana. Sakudziwa kuti kalata yopita kukampani siimitsa nthawi.

Mfundo imeneyi tiibwereze, chifukwa ndiyo yaphetsa milandu yabwinobwino. Kulembera kampani sikuimitsa nthawi. Kukambirana za ndalama, ngakhale kampani itatchula kale mtengo, sikuimitsa nthawi. Lonjezo la pafoni siliimitsa nthawi. Chimene chimaimitsa ndi kutsegula mlandu kukhothi: chisamani chalandiridwa, chadindidwa, chapatsidwa nambala. Mlandu wotsegulidwa zaka ziwirizo zisanathe umapitirira ngakhale utatenga zaka zina zingapo usanaweruzidwe, ndipo kukambirana kutha kupitirira mlandu uli kale kukhothi. Khothi Lalikulu lili ndi ofesi yake konkuno ku Zomba, munthu safunikira kukwera ya ku Blantyre. N'zoona kuti malamulo ali ndi timipata topemphera nthawi yoonjezera, koma n'topapatiza, ndipo kunena kuti sindinkadziwa lamulo kapena ndinalibe ndalama yoyendera si chifukwa chimene munthu angatsamirepo.

Pali zinthu zina zimene zimagoneka anthu tulo. Dalaivala akatengeredwa kukhothi la majisitireti pa mlandu woyendetsa mosasamala, wovulala amaganiza kuti umenewo ndiwo mlandu wake. Ena amadikira kuti uthe, ena akamva kuti dalaivala walipira chindapusa amayembekezera kuitanidwa kukalandira. Chindapusa chimapita kuboma. Mlandu wa boma ndi wina, wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo wachiwiriwu sudzitsegula wokha. Kwinaku mwini galimoto amabwera kudzazonda ndi shuga, thumba la chimanga ndi kangachepe, n'kulonjeza pamaso pa amfumu kuti zotsala adzapereka akakolola. Kuzondana ndi chikhalidwe chathu chabwino, sitikuchinyoza. Koma malonjezo a pakhonde akafika chaka chachitatu osakwaniritsidwa, khomo la kampani limakhala litatsekeka. Ndipo munthu asasaine pepala lililonse lonena kuti walandira zonse ndipo sadzafunanso kanthu, asanamuwerengere wina wodziwa malamulo, makamaka pamene achipatala sanamalize kuona mmene wachirira.

Madobadoba nawonso amafika m'mawodi mofulumira kuposa achibale. Amatenga chiphaso cha unzika ndi buku la kuchipatala, n'kunena kuti ali ndi loya wawo. Wodwala amakhala chaka chathunthu akukhulupirira kuti mlandu uli kukhothi pamene sunalembedwe n'komwe. Funso lowagwira ndi losavuta: mlandu wanga uli kukhothi liti, nambala yake ndi chiyani, loya wake dzina lake ndani ndipo ofesi yake ili pati? Wosayankha mafunso amenewa abweze mapepala. Mapepala enieni asachoke m'manja mwa mwini wake. Opereka ndi mafotokope. A Malawi Law Society, amene amayang'anira maloya, tikuwapempha kuti mndandanda wa maloya ololedwa kugwira ntchito uzipachikidwa pakhothi ndi pachipatala chaka ndi chaka.

Zomba ndi mzinda wa magalimoto a boma: apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks, andende, maambulansi, a maunduna. Wogundidwa ndi galimoto ya boma ali ndi chipata china choti adutse. Lamulo la milandu yosumira boma limafuna kuti Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, apatsidwe chidziwitso cholembedwa, ndipo padutse miyezi 3 mlandu usanatsegulidwe. Chidziwitsocho chinene wosuma ndi ndani, amakhala kuti, chinachitika n'chiyani, ndipo akufuna chiyani. Pa chitsanzo chathu chija, ikadakhala galimoto ya boma, wanzeru akadapereka chidziwitso Disembala 2026 asanafike, n'kusunga kope yodindidwa yosonyeza tsiku limene chinalandiridwa. Wobwera kwa loya kutatsala milungu iwiri amakhala wadziika pampanipani wosafunikira.

Za ana ndi za maliro n'zimene zimatiwawa kwambiri. Mwana wa sukulu akagundidwa podutsa msewu pa Domasi, makolo ena amauzidwa kuti adikire akule adzasume yekha. Lamulo lilidi ndi gawo loganizira ana ndi odwala maganizo, koma lili ndi mfundo zake, ndipo palibe chifukwa choikira tsogolo la mwana pa mkangano wa maloya. Kholo kapena womulera atha kutsegula mlandu m'malo mwa mwanayo lero. Mboni zimasamuka, zimaiwala, zimamwalira. Dalaivala amasintha ntchito. Zithunzi za ekisileyi zimanyowa m'nyumba yodontha. Pakagwa imfa, banja limayamba lalira, kenako kukangana kuti woyendetsa za malemu ndi ndani, wakuchimuna kapena wakuchikazi. Makalata a khothi opatsa munthu mphamvu pa chuma cha masiye amatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo masiku akuwerengedwa. Lamulo la Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act limalola mkazi, mwamuna, makolo ndi ana a malemu kupeza chipukuta misozi pa thandizo limene ataya. Ofedwa ambiri sanamvepo zimenezi. Amalandira bokosi ndi galimoto yonyamula maliro, n'kumati basi zatha.

Kwa apolisi, pempho lathu ndi la ntchito imene mumagwira kale. Lipoti lililonse la ngozi lizikhala ndi nambala ya galimoto, dzina ndi keyala ya mwini wake, dzina la dalaivala, dzina la kampani ya inshuwalansi, nambala ya inshuwalansiyo ndi masiku amene inayamba ndi kutha. Za inshuwalansizi zimakhala pagalasi la galimoto tsiku la ngozi. Kuzikopera ndi mphindi ziwiri, kuzisaka pakatha chaka ndi miyezi. Mayina ndi manambala a foni a mboni azilembedwa pomwepo anthu asanabalalike. Ikani masiku odziwika otulutsira lipoti, mtengo wake upachikidwe pakhoma, ndipo wolipira azilandira lisiti la boma. Lisitilo si laulemu chabe: khothi limabwezera ndalama za lipoti, za mankhwala ndi za maulendo pamene pali umboni wake, ndipo popanda lisiti ndalama zimenezo nthawi zambiri zimalowa m'madzi.

Kwa oyendetsa zipatala, buku la kuchipatala ndilo mboni yoyamba ya wovulala. Muzilemba tsiku la ngozi, kuti ndi ngozi ya pamsewu, ndi chilichonse chimene chavulala, ngakhale dzino kapena bala la pankhope, chifukwa khothi limapereka ndalama pa ululu, pa zipsera, pa zimene munthu sangathenso kuchita, ndi pa kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama. Chimene sichinalembedwe tsiku loyamba chimakanidwa pambuyo pake. Lolaninso kuti wodwala azitha kupeza lipoti loyambirira asanachire kwathunthu. Loya atha kutsegula mlandu ndi lipoti limenelo, lomaliza n'kubwera pambuyo. Wotumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre azibwerera ndi mapepala ake onse, asagawike pakati pa zipatala ziwiri.

Kwa a Reserve Bank, inu muli ndi mphamvu pa makampani a inshuwalansi, ndipo apa simufunikira kudikira Nyumba ya Malamulo. Lamulani kuti kampani ikalandira dandaulo la wovulala iziyankha polemba, m'chilankhulo chimene munthuyo amamva, ndipo m'kalatamo izitchula tsiku lenileni limene ufulu wake wosumira kampaniyo udzathe. Ikani masiku amene kampani iyenera kuvomera kapena kukana, ndipo ikakana inene chifukwa. Si makampani onse amene amazengereza dala, koma lamulo mmene lilili likupindulitsa wozengereza: amene wakoka nkhani mpaka mwezi wa 25 wapulumuka. Unikaninso malire a ndalama. Wovulala sangalandire kukampani zoposa zimene zalembedwa mu inshuwalansi, ndipo m'zigamulo zambiri za Khothi Lalikulu malirewo akhala K5 miliyoni. Kwacha yatsika mphamvu kangapo, mu 2022 ndi mu 2023 yomwe. Munthu wodulidwa mwendo sangayambirenso moyo ndi ndalama imeneyo, ndipo zotsalazo amauzidwa kuti akazitenge kwa mwini galimoto.

Kwa Olemekezeka Nduna, aphungu ndi a Law Commission, chachikulu chili kwa inu. Palibe chifukwa chomveka choti ngozi imodzi ikhale ndi nthawi ziwiri. Sinthani gawo 148 la Road Traffic Act kuti zaka zosumira kampani zifanane ndi zaka 3 zosumira dalaivala. Lembani m'lamulo kuti dandaulo likaperekedwa kukampani, masiku aziima kuwerengedwa mpaka kampaniyo itayankha polemba. Patsani makhothi mpata wokwanira wolola mlandu wochedwa pamene chilungamo chikufuna kutero. Ku England, kumene malamulo athu ambiri anachokera, Limitation Act ya 1980 inasunga zaka 3, koma imalola kuwerenga kuyambira tsiku limene munthu wadziwa za kuvulala kwake ndi amene anamuvulaza, ndipo gawo 33 limapatsa woweruza mphamvu yolola mlandu wochedwa akaona kuti n'koyenera. Sitikunena kuti malire achotsedwe. Dalaivala nayenso ali ndi ufulu woti asasumiridwe pakatha zaka 15, mboni zonse zitapita. Tikunena kuti malire akhale amodzi, omveka, ndipo asamalange munthu chifukwa cha kuchedwa kwa ofesi.

Muganizirenso za amene alibe woti amusumire. Galimoto yogunda munthu usiku pa msewu wa ku Jali n'kuthawa siisiya dzina. Njinga zamoto za kabaza zambiri zikunyamula anthu zopanda nambala ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa wake akavulaza munthu, chuma chake chonse ndi njinga yomweyo, mwinanso ya eni ake. Ku South Africa kuli thumba la Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta a galimoto. Limalandira madandaulo mkati mwa zaka 3 galimoto ikadziwika, ndi zaka 2 ikakhala yothawa. Thumbalo lili ndi mavuto ake a ngongole, ndipo ofuna kutengerapo phunziro aphunzirenso pa mavutowo. Koma wogundidwa ndi galimoto yothawa kumeneko ali ndi khomo logogoda.

A Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene alibe ndalama ya loya, ali ndi ofesi mumzinda uno, ndipo sukulu ya malamulo ya University of Malawi ili pa Chirunga pompa. Tsiku limodzi pa mwezi, ogwira ntchito ku Legal Aid ndi ophunzira oyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo atamayendera mawodi a othyoka mafupa, wodwala aliyense akhoza kutuluka akudziwa masiku ake. Dalaivala kapena kondakitala amene wavulala ali pantchito akhozanso kuuzidwa pomwepo kuti ali ndi njira ina kudzera ku ofesi ya zantchito pansi pa lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la Workers' Compensation Act, ndipo kuti adziwitse abwana ake msanga, chifukwa njira imeneyonso ili ndi nthawi yake. Aphungu, thandizani ofesi ya Legal Aid kupeza mafuta ndi anthu ochitira zimenezi.

Kusintha lamulo kumatenga nthawi, tikudziwa. Koma pali chimodzi chimene chingayambe mwezi uno ndi chidindo cha labala chokha. Pansi pa lipoti lililonse la apolisi, ndi m'buku la kuchipatala la aliyense wovulala pamsewu, padindidwe mawu awa m'Chichewa ndi m'Chiyao, wolemba adzaze masikuwo ndi cholembera:

"Ngozi yanu inachitika pa ______. Ngati mukufuna chipukuta misozi kuchokera kukampani ya inshuwalansi, mlandu utsegulidwe kukhothi lisanafike tsiku la ______, zaka 2 kuchokera pa ngozi. Wosumira dalaivala kapena mwini galimoto utsegulidwe lisanafike tsiku la ______, zaka 3 kuchokera pa ngozi. Ngati ndi galimoto ya boma, Attorney General adziwitsidwe polemba miyezi 3 mlandu usanatsegulidwe. Kalata, foni kapena lonjezo siziimitsa masikuwa. Sungani malisiti onse. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau."

Tikupempha kuti a polisi ndi a zipatala m'boma la Zomba akhale oyamba kuchigwiritsa ntchito, ndipo aphungu athu akafunse m'Nyumba ya Malamulo tsiku limene gawo 148 lidzaunikidwe.

Ndife anu,
Ena mwa othandiza anthu pa nkhani za malamulo ndi za ngozi za pamsewu,
Zomba